Wailesi Yosamuka Usiku

Pa mwambo wa makolo, munthu wofuna kusamuka pamudzi sanyamula mphasa zace mwakacetecete. Amayamba wapita kwa nyakwawa, nafotokoza cimene camcotsa. Pambuyo pace amatsazika anansi ace mmodzimmodzi, nawauza kumene akupita ndi njira yofikira kumeneko, kuti pakagwa maliro kapena mlandu mthenga asasokere. Wosamuka usiku amadziwika mtundu wace: ngati alibe ngongole, ndiye kuti pali cina cimene akubisa. Mwambo umenewu ngwakale, koma uli ndi mau onena kwa nyumba za wailesi za FM zimene zaculuka m'maboma a Zambia, makamaka pamene imodzi ya izo isintha nambala imene anthu amaipezerapo.

Kusamuka kosayenera kumacitika motere. Nyumba ya wailesi yakhala ikumveka pa nambala imodzi, mwacitsanzo pa 89, kwa zaka khumi, kufikira anthu a m'midzi yozungulira aiwala kuti nambalayo ingasinthe. Tsiku lina akulu a nyumbayo alandira kalata yowapatsa nambala ina, mwacitsanzo 101. Woulutsa mau achula nkhaniyo kangapo m'sabata lotsiriza, kawirikawiri m'Cingelezi ndiponso pakati pa nyimbo. Mnyamata wa muofesi alemba cidziwitso pa Facebook. Ndipo onse akhutira kuti nchito yatha. Lolemba m'mamawa mlimi atsegula wailesi yace monga mwa masiku onse, namva phokoso longa la mvula pa denga la malata. Agogoda wailesi, acotsa mabatire nawaika padzuwa, ndipo pomaliza anena mumtima mwace kuti cipangizo cafa kapena nyumba ija yatsekedwa ndi Boma. Akulu aja adzati analengeza. Koma kulengeza kumene sikunafike m'khutu la mwini nkhani kuli ngati kuitana munthu uli kutsidya kwa Luangwa madzi atadzala.

Wophunzira ayenera kudziwa cimene nambala imeneyi itanthauza. Mau a woulutsa amanyamulidwa ndi mafunde osaoneka ocokera pa mlongoti, ndipo nambala ija ionetsa kufulumira kwa mafundewo: 89 ndiko kunena kuti agwedezeka nthawi 89 miliyoni pa sekondi imodzi. Nyumba zonse za FM m'dziko muno zipanikizana pakati pa 87.5 ndi 108, monga alimi ambiri ogawana dimba limodzi. Mafunde a FM ayenda molunjika. Phiri liwachinga, ndipo safika kutali monga acitira mafunde afupi a wailesi zakale. Nyumba ziwiri zikayandikana nambala ndi malo, mau ao alowerana, womvera namva anthu awiri olankhula nthawi imodzi.

Cifukwa cace nkosayenera kunena kuti kusintha nambala nkoipa nthawi zonse. Nambala si cuma ca mwini wailesi, amabwereka cabe. Bungwe la ZICTA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1994 pansi pa dzina lina ndi kupatsidwa dzina limeneli mu 2009, ndilo ligawa manambala. Bungwe la IBA, limene lamulo lace linapangidwa mu 2002 ndipo linayamba nchito mu 2013, ndilo lipereka cilolezo ca kuulutsa. Pamwamba pa mabungwewa pali pangano la maiko limene linapangidwa ku Geneva mu 1984, logawa manambala a FM kuti dziko lisasokoneze mnzace, ndipo pakati pa 2019 ndi 2022 maiko a mu Afirika anakhalanso pansi kufunafuna malo ena m'dimba lomwelo. Mafunde sadziwa cipata ca Mwami: mlongoti wa ku Chipata umveka ku Mchinji, ndi wa ku Malawi umveka kuno. Ndiponso kungopitirira 108 kuli manambala amene ndege zitsogozedwa nao potera, ndipo palibe munthu wanzeru angakane kuti wailesi yosokoneza zimenezo icotsedwe msanga. Nyumba ina isintha cifukwa yagula makina amphamvu kuti ifike kutali, cimene ciri cokoma. Zifukwa zilipo, ndipo zina nzolemera. Mlandu uli pa kacitidwe ka kusamukako, ndi pa funso lakuti ndani asenza katundu wace.

Amene asenza ndi iwo amene alibe mau pa zimenezi. Poyamba pali nkhalamba ya kumudzi imene wailesi yace iri ndi singano yoyenda pa galasi. Manambala a pagalasipo anafufutika kale, ndipo ngakhale akadaoneka, maso ace sakadawawerenga. Mdzukulu wace anaika singano pamalo pace tsiku limene wailesi inagulidwa, nalemba kacizindikiro ndi makala kapena kumata kapepala, ndipo kuyambira tsikulo palibe aloledwa kupotokola. Kwa mai ameneyu nyumba ya wailesi iribe nambala, iri ndi malo, monga citsime ciri ndi malo. Kumuuza kuti "tsopano tiri pa 101" kuli ngati kumuuza kuti citsime casamukira ku nambala yakuti.

Kaciwiri pali oyendetsa maminibasi ndi mataksi, ndi onse okwera m'menemo. Galimoto zambiri za m'miseu ya Zambia nzogwirapo kale nchito ku Japan, ndipo ku Japan manambala a FM anayambira pa 76 ndi kulekezera pa 90 kwa zaka zambiri. Wailesi za m'galimoto zakalezo sizipitirira 90. Cotero nyumba imene icoka pa 89 kupita pa 101 yatuluka m'galimoto zimenezo kotheratu. Ngakhale dalaivala apotokole tsiku lonse sadzaipeza. Afunika kugula kacipangizo koonjezera manambala ndi kulipira wokamangirira, ndipo akatero nambala yooneka pagalasi isiyana ndi imene woulutsa achula. Kodi akulu a nyumba ya wailesi, asanabvomere nambala yatsopano, amakhala atawerengera anthu amene amamvera nkhani ali pa ulendo wa ku Katete kapena ku Lundazi? Ngati sanawerengere, ndiye kuti sadziwa anthu ao. Ngati anawerengera nakhala cete, mlandu wao ukula.

Wina angati zonsezi nzazing'ono, popeza wailesi ndi ya nyimbo ndi maceza. Wonena cotero sanagonepo kumudzi. Wailesi ya pafupi ndiyo imanena kuti uje wamwalira ku cipatala ndipo maliro ali pamudzi wakuti, kuti abale a kutali anyamuke nthawi ikalipo. Ndiyo imanena tsiku lolandira feteleza, mtengo wa cimanga ndi malo ogulitsira, tsiku la katemera wa ana, ndi za ng'ombe zosokera. Kolera itabuka mu 2023 ndi 2024, masukulu nacedwa kutsegulidwa kufikira mwezi wa February, kholo lopanda nyuzipepala linayembekeza wailesi kuti limve tsiku lotumiza ana. Masiku atatu a cete angacititse munthu kuphonya maliro a mlongo wace, ndipo akulu anati pepani sapoletsa cilonda.

Mbiri ya dziko lino iyenera kucititsa manyazi onse opeputsa womvera wosauka. Wailesi ya ku Lusaka inayamba mu 1941, kuti mabanja amve za amuna ao amene anali ku nkhondo, koma anthu akuda okhala ndi cipangizo comvera anali owerengeka. Harry Franklin, mkulu wa ofesi ya nkhani za Boma la nthawi imeneyo, anayendayenda kwa opanga mawailesi kufunafuna amene angapange yochipa, kufikira kampani ya Ever Ready inabvomera. Mu 1949 kunafika wailesi yochedwa Saucepan Special, cifukwa thupi lace linali longa poto, ndipo mtengo wace unali mapaundi 5. Anthu anasonkhana mozungulira kapoto kameneko kumvera Alick Nkhata ndi pologalamu ya Zimene Mwatifunsa, nalemba makalata ambirimbiri kupita ku Lusaka. Boma limenelo linali la atsamunda, ndipo linali ndi zolinga zace zimene sizinali zonse zokomera eni dziko. Komabe linazindikira kuti woulutsa ndiye ayenera kufunafuna khutu. Nanga nyumba zimene zinabadwa dziko litamasuka, mphepo itatsegulidwa kwa anthu wamba m'zaka za m'ma 1990, zodzicha dzina lakuti wailesi za anthu, zingalephere bwanji kucita cimene mlendo anacita?

Akulu a wailesi ali ndi mayankho ao awiri. Loyamba ndi lakuti wofuna kumva adzafunafuna yekha. Yankho limeneli liiwala kuti pagalasi pali nyumba zina zambiri, ndipo munthu wofunafuna amaima pamene wapeza mau oyamba omveka bwino. Womvera wotayika sabwera kuofesi kudzadandaula, amangozolowera kwina. Laciwiri ndi lakuti ndalama zicepa, ndipo lamulo linadza mwadzidzidzi. Za kucepa kwa ndalama nzoona, pakuti nyumba zambiri za m'maboma zikhalira zidziwitso za maliro ndi malonda ang'onoang'ono. Koma kutsazika sikudya ndalama zambiri. Nyumba imene itha kuchula dzina la sitolo kakhumi patsiku cifukwa mwini sitolo walipira, ingathe kuchula nambala yace yomwe kakhumi patsiku popanda kulipira munthu. Ndipo ngati lamulo lidzadi mwadzidzidzi, pamenepo cala ciloze kwa ogawa manambala, amene ayenera kukumbukira kuti kalata imodzi yolembedwa ku Lusaka igwedeza singano zikwi zambiri m'midzi.

Cofunika nciani tsono? Coyamba, nthawi: miyezi iwiri kapena itatu ya kulengeza, kupatula pamene pali ngozi yeniyeni. Caciwiri, cilankhulo: cidziwitso cinenedwe m'Cinyanja, m'Cinsenga, m'Citumbuka, monga mwa anthu a dera limenelo, pa nthawi ya zidziwitso za maliro pamene mudzi wonse uli chelu, ndipo cinene mbali yopotokolera singano, kumanja kapena kumanzere, ndi nyumba zoyandikana nazo. Cacitatu, cifukwa ca kusinthako cinenedwe poyera, pakuti pamene coona cibisika mphekesera imera, ndipo anthu ayamba kunena za ndale pamene panali nkhani ya mlongoti cabe. Cacinai, kumene kuli kotheka, ogawa manambala alole nyumbayo kumveka pa manambala onse awiri kwa masabata angapo, monga wosamuka asiya mwana pabwinja kuti aloze alendo njira. Cacisanu, uthenga upite ndi miyendo: kwa mafumu ndi nyakwawa, ku machalichi ndi ku mizikiti, ku masukulu, ku cigayo, ku malo okwerera basi. Ndipo nkoyenera kuti zimenezi zilembedwe m'cilolezo ca nyumba iriyonse, kuti kutsazika kusakhale cifundo ca mkulu wa pa nthawiyo koma mangawa.

Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu ali nalo gawo lao. Iwo ndiwo awerenga manambala, ndiwo aona zidziwitso za pa lamya zimene makolo ao saziona. Wophunzira amene amva kuti wailesi ya kwao isamuka, nangosintha pa lamya yace osayenda m'nyumba za nkhalamba kukasuntha singano ndi kumatanso kapepala, maphunziro ace athera pa iye yekha. Ndiponso wophunzira adziwa kulemba kalata. Alembe kwa mkulu wa nyumba ya wailesi, alembe ku mabungwe oyang'anira, afunse mwaulemu koma mosaopa kuti anthu a kwao anauzidwa liti, m'cilankhulo citi, ndipo kangati. Eni wailesi asakwiye nao makalata otere, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Nyumba ya wailesi iri ndi mlongoti, makina ndi cilolezo, koma zonsezi nzogulidwa ndi zobwerekedwa. Cuma cace ceniceni ndi cizolowezi ca munthu amene adzuka m'mamawa natsegula pamalo omwewo cifukwa akhulupirira kuti mnzace alipo. Cizolowezi cimeneco cimangidwa zaka zambiri, ndipo cingathe kugwa usiku umodzi. Wofuna kusamuka nazo nkhani za anthu ayambe watsazika anthuwo.