Nyimbo pa karate ndi nkhonya: sipika ilibe maso

Dzuwa likapendeka m'makomboni masiku ano, kumamveka phokoso la mitundu iwiri kucokera m'maholo, m'makalasi a sukulu ndi kuseri kwa nyumba zina. Loyamba ndi la anyamata ndi atsikana amene afuula poponya cibakera kapena mwendo. Laciwiri ndi la sipika imene ailumikiza ku foni kuti ilize nyimbo. Ngakhale malaiti apite, sipika sileka kulira, pakuti ili ndi batire lake.

Makolo ambiri sakondwa nazo zimenezi. Ena akuti karate iphunzitsa mwana ndeu. Ena akuti ndi cibwana ca m'mafilimu, pokumbukira mmene anyamata anali kumenyerana m'njira ataonera Bruce Lee mu Enter the Dragon, filimu ya mu 1973. Mantha awa ndi omveka, koma aphonya pamene pali bvuto leni-leni. Mwana amene apita ku kalabu ya karate, judo kapena nkhonya katatu pa sabata ali pabwino kuposa amene akhala pa mpando ndi foni tsiku lonse, kapena amene wayamba kuzungulira pa mabala. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti mwana wa zaka 5 kufikira 17 afunika ola limodzi tsiku liri lonse la masewera otulutsa thukuta, ndipo wamkulu afunika mphindi zosacepera 150 pa sabata. Ndiponso masewera awa si acilendo muno m'Zambia. Lottie Mwale anatenga lamba wa Commonwealth mu 1979. Mendulo yoyamba ya dziko lino ku Olympics inabwera ndi wankhonya, Keith Mwila, ku Los Angeles mu 1984. Catherine Phiri anakatenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016, ndipo anatseka pakamwa onse amene anali kunena kuti nkhonya si za atsikana.

Tsono cimene makolo ayenera kuyang'ana si karate ayi. Ayenera kuyang'ana nthawi imene sipika ilira, ndi nthawi imene iyenera kukhala cete.

Nyimbo ziri ndi nchito yake, ndipo ndi nchito yabwino. Wophunzira ali yense ayamba ndi kutenthetsa thupi: kulumpha cingwe, kuthamanga pamalo amodzi, kumenya thumba la mcenga, kuponya zibakera m'mwamba popanda mnzake. Izi ndi zotopetsa ndiponso zogwetsa ulesi, cifukwa munthu abwereza cinthu cimodzi kambiri-mbiri. Nyimbo ipatsa thupi kugunda kumene litsatira, ndipo maganizo acoka pa kutopa. Akatswiri a pa Brunel University ku London anapeza kuti pa masewera osafika pothetsa mpweya, munthu amene amvera nyimbo aona ngati nchito yapepuka ndi pafupi-fupi 10 peresenti, ndi kuti nyimbo zogunda ka 120 kufikira ka 140 pa mphindi ndizo zimuyenera bwino. Kalindula kapena rumba ya ku Congo, zonse zigwira nchito imeneyi. Kwa amai amene alimbana ndi kunenepa, shuga kapena BP, masewera oponya zibakera ndi miyendo m'mwamba motsatira nyimbo, monga a Tae Bo amene Billy Blanks anachukitsa ku America m'ma 1990, ndi othandiza kwambiri. Palibe amene amenyedwa, thukuta lituluka, ndipo mawa munthu afuna kubwereranso. Ici cokha ndi cinthu cacikulu, pakuti ambiri amene auzidwa ku kiliniki kuti azicita masewera aleka msanga.

Koma cimene cipeputsa kutopa cibisanso kutopa. Kutopa ndi mthenga wa thupi. M'mwezi wa October, m'holo ya malata yopanda mazenera okwanira, mnyamata amene atsatira nyimbo angapitirire pamene thupi linamuuza kale kuti aime. Cizungulire, mutu kuwawa, minofu kukokana, mseru, ndi mkodzo wocepa wacikasu kwambiri, zonsezi zitanthauza kuti madzi atha m'thupi. Botolo la madzi liyenera kukhala pafupi, ndipo mphunzitsi ayenera kuimitsa nyimbo nthawi ndi nthawi kuti onse amwe, osadikira kuti ina ithe. Amene ali ndi BP, matenda a mtima, asima, khunyu kapena sickle cell ayambe apita ku kiliniki asanalowe kalabu. Ndipo ali yense amene amva kuwawa m'cifuwa kapena mtima kugunda modumphadumpha aime pomwepo.

Aphunzitsi ena ayankha kuti nyimbo ndi nkhondo ndi pacibale kuyambira kale, ndipo sanama. Ku Brazil kuli masewera ochedwa capoeira, amene anayamba pakati pa anthu a mu Africa otengedwa ukapolo, ambiri a iwo ocokera ku Angola. Awiri aponyerana miyendo pakati pa bwalo, ena akuimba ndi kuomba m'manja, ndipo cotsogolera ndi berimbau, uta wokhala ndi cikho umene ufanana ndi kalumbu wa Atonga ndi Aila. Ku Thailand, nkhonya zao za Muay Thai zimenyedwa zitoliro ndi ng'oma zikulira. Ngakhale kuno kwa Mpezeni, amene anafikako ku Nc'wala ku Mtenguleni m'mwezi wa February adziwa mmene amuna aponda pansi pamodzi, cishango ndi cibonga m'manja, akazi akuimba ndi kuomba m'manja.

Zonsezi ndi zoona. Koma m'malo onse atatu nyimbo icokera kwa anthu amoyo amene ali pa bwalo pomwepo ndipo apenya zimene zicitika. Wa berimbau akaona kuti awiri aja ayamba kupsa mtima, acepetsa liwiro kapena aimitsa masewera. Ndi cimodzi-modzi pa gule wamkulu: woomba mbalule sacotsa maso pa mapazi a gule, ndipo ng'oma itsata wobvina. Sipika ilibe maso. Mwana akagwa, ipitiriza. Wina akatuluka magazi m'mphuno, ipitiriza. Nyimbo ikafika pokoma, ikankha onse kuti afulumire, ngakhale mmodzi mwa iwo miyendo yayamba kale kunjenjemera.

Ndiye cifukwa cake pamene awiri ayang'anizana kuti ayesane, sipika iyenera kuzimidwa. Apa palibe kunyengerera. Masewera onsewa ali ndi njira zao zotetezera moyo, ndipo zambiri mwa izo zidalira khutu. Pa karate mphunzitsi afuula kuti "yame", pa judo akuti "mate", ndipo onse aima nthawi yomweyo. Wa judo akagwidwa pakhosi kapena akapindidwa mkono, amenya pansi kapena pa thupi la mnzake kawiri kapena kuposa, kusonyeza kuti wagonja. Kugwira pakhosi kumeneku kutseka misempha yopereka magazi ku ubongo, ndipo munthu angakomoke m'masekondi ngati 10 cabe. Cigongono cingaguluke m'kanthawi kocepa kuposa pamenepo. Ngati phokoso la nyimbo laphimba kumenya pansi kuja, kapena laphimba mau a mphunzitsi, mwana abvulala pa cinthu cimene cikanapewedwa ndi kudina batani limodzi.

Palinso cina. Poyesana, wophunzira afunika kuyeza mphamvu ya dzanja lake, makamaka ngati mnzake ndi wamng'ono kapena watsopano. Nyimbo yothamanga itenthetsa magazi, ndipo cibakera cimene cinayenera kungokhudza cifika ndi mphamvu zonse. Ngakhale pa nkhani ya luso, mphunzitsi wanzeru adziwa kuti mdani satsata ng'oma. Amene wazolowera kuponya cibakera pa kugunda kwa nyimbo awerengeka msanga, ndipo mnzake amudikira pa mpata. Pophunzira kaimidwe ndi kapondedwe katsopano, mwana afunika kumva mau a mphunzitsi, kumva mapazi ake ndi kupuma kwake.

Za makutu ndi zacidule koma si zazing'ono. M'kati mwa khutu muli tizinthu ting'ono-ting'ono tonga ubweya timene tilandira mau, ndipo tikaonongeka ndi phokoso sitimeranso. A WHO akuti wamkulu angamvere phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda bvuto, koma likafika pa 90 akhala maola 4 cabe. M'komboni mulibe makina oyezera, koma muyeso ulipo: ngati munthu afunika kufuula kuti amveke kwa mnzake amene waima patali ngati kutalika kwa mkono, nyimbo yakwera mopitirira. Mwana amene abwera kunyumba makutu akulira ngati muli nyenje, waonetsa kale cizindikiro. Ndipo anyamata amene athamanga m'mphepete mwa mseu m'mamawa kukali mdima atatseka makutu onse awiri ndi mahedifoni, akumbukire kuti minibasi, njinga ndi galu zimveka zisanaoneke.

Cimene cibweretsa ana ambiri a masewera awa m'cipatala ndi zala zothyoka, mapazi obinya, milomo yong'ambika ndi zipere zotengera pa mphasa zimene sizitsukidwa. Izi zipola. Coopsa ndi mutu. Ubongo ukagwedezeka ndi cibakera kapena ndi kugwa, si nthawi zonse pamene munthu akomoka. Angadzuke, n'kuseka, n'kunena kuti ali bwino, koma maso ali mbuu, kapena afunsa funso limodzi kawiri, kapena ayenda mopepesuka. Mphunzitsi aona ndi kumva izi pokha-pokha ngati m'holo muli bata lokwanira kulankhula ndi mwanayo. Wotere asapitirize tsiku limenelo, ngakhale alire motani, ndipo asabwerere kukayesana kufikira a cipatala atamuona ndi kumulola. Kumenyedwanso ubongo usanapole ndiko kuika moyo pa ciswe.

Mphunzitsi ali ndi udindo wouza a kunyumba kuti mwana wamenyedwa m'mutu, ndipo makolo ali ndi ufulu wopita kukaima pa khomo la holo tsiku lina osanena, kuti aone okha ngati sipika izimidwa poyesana, ngati ana abvala zotetezera mano ndi mutu, ndi ngati wamng'ono apatsidwa mnzake wa msinkhu wake. Kalabu imene ikana kholo kuonerera ili ndi cimene ibisa.

Kunyumba, mwana womenyedwa m'mutu asasiyidwe yekha kwa masiku awiri oyamba. Apatsidwe Panadol ngati mutu uwawa, osati aspirin kapena Brufen, cifukwa awa angaonjezere kutaya magazi m'kati. Nthawi zina msempha wa m'kati mwa cigaza uduka, magazi aunjikana pang'ono-pang'ono, ndipo mwana aoneka bwino kwa maola angapo asanasinthe. Akayamba kusanza mobwereza, mutu kuwawa mokulira-kulira, kusokonezeka, kugona kobvuta kudzutsa, kugwa ngati wa khunyu, dzanja kapena mwendo kufooka, kapena kutuluka magazi kapena madzi oyera m'khutu kapena m'mphuno, atengedwe ku cipatala usiku womwewo, osadikira kuti kuce.