Sola tili nayo, koma tikugonabe mumdima

Ife ndife anthu a m'midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Mposa m'boma la Machinga, kunsi kwa phiri la Chikala, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Ena ndife alimi a mpunga, ena asodzi a matemba ndi makumba, ena ndife amayi ogulitsa zitumbuwa pamsika. Sitidziwa kulemba zambiri, koma zatikwana, ndiye tati tinene.

Ana athu amene ali ku Joni akhala akutiuza pa foni za nkhani imene yavuta kumeneko. Akuti munthu akaika masola padenga, magetsi otsala masana amabwerera m'mawaya, ndipo pali mita yowerenga olowa ndi otuluka omwe. Ku Cape Town, kuyambira 2023, khonsolo ya mzinda imapereka ndalama kwa eni masola chifukwa cha magetsi otsalawo. Ku Zimbabwe malamulo olola zimenezi adakhazikitsidwa mu 2018, ku Zambia mu 2024. Mkangano uli pa mtengo. Eni masola akuti awerengeredwe mtengo womwewo umene iwo amagulira mayunitsi. Ena akukana, akuti usiku mwini sola amadalirabe mawaya omwewo, ndipo mawayawo amafuna ndalama zokonzera. Ife timamvetsera, n'kumayang'ana denga lathu.

Pajatu sola nafenso tili nayo. Ili padenga la udzu, yomangidwa ndi linya kuti mphepo ya kunyanja isaiulutse. Palibe amene adatipatsa. Wina adagulitsa matumba a mpunga kwa mavenda pamtengo wolira nawo, wina adapereka mbuzi yomaliza m'khola, wina adakongola ku banki m'khonde ndipo mpaka lero akubwezabe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi a m'mawaya, ndipo oposa theka ankadalira tochi. Ife tidatopa ndi kugula mabatire a tochi sabata ndi sabata, tidatopa ndi utsi wa koloboyi m'mphuno mwa ana, n'chifukwa chake tidadzimana.

Magetsi otsala amene anzathu akukanganirawo, kwathu kuno amatsala tsiku lililonse. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, batire imakhala itadzaza kale. Amene ali ndi kabokosi koteteza batire, kamangodula, ndipo mphamvu yonse ya masana imathera padenga pomwepo. Amene alibe kabokosiko, batire imatentha, madzi ake n'kumauma, mpaka kutupa. Pa ola lomwelo mnzako wa khomo loyandikana ali pa njinga kukatchajitsa foni kumsika. Pa ola lomwelo nsomba zikufewa m'dengu chifukwa palibe pozizira poziika, ndipo wogula akadziwa kuti sizifika mawa amatchula yekha mtengo. Magetsi tili nawo, kowapititsa tilibe. Mawaya adathera kutali ndi midzi yathu.

Likalowa dzuwa ndiye mavuto enieni. Ambirife tili ndi batire ya galimoto, poti ndiyo tidakwanitsa, ndipo siidapangidwe kuti iziphwa usiku uliwonse. Ikakhala yatsopano imafikitsa pakati pa usiku. Pakapita miyezi, babu imayamba kufiira nsima isanaphulidwe. Mwana wa Sitandade 8 amatseka kope asanamalize samu. M'mwezi wa Ramadan amayi amadzuka m'bandakucha kuphika ataluma foni pakamwa kuti iwaunikire mumphika. Mayi woyembekezera matenda akamuyamba usiku, timamukweza panjinga, wina patsogolo ndi katochi, m'njira yamatope imene nyengo ya dzinja ngakhale wa kabaza amaikana.

Batire ikafa, ulendo wake ndi wa ku Liwonde kapena ku Zomba. Ulipire njinga yamoto mpaka kumsewu wa tala, ulipire minibasi, batire ili pamiyendo, asidi akudontha pa chitenje. Ukafika, wogulitsa amati risiti ili kuti, ukaonetsa amati mwaiwononga nokha. Ugule ina, yolembedwa manambala akuluakulu pakatoni, ukafika nayo kunyumba ndi yopepuka, siisunga moto. Kokadandaula sitikudziwa. Chiyambire pamene ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa batire, waya ndi mababu udathawa, pamene wa mpunga wathu umatchulidwabe ndi mwini sikelo.

Ena mwa ife tidatenga masola olipira pang'onopang'ono pa foni. Amawala bwino, tisaname. Koma ukangodumphitsa kulipira amazima okha, ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Ndipo ndalama kuno imayendera nyanja. Chilwa idaphwa mu 1995, idaphwanso mu 2018, mabwato n'kukhala pamatope ouma. Mu Malichi 2023 madzi a namondwe wa Freddy adamiza minda. Miyezi yotere munthu amasankha pakati pa ufa ndi kuwala, ndipo amasankha ufa. Sola imene walipira kale theka imangokhala padenga, m'nyumba muli bii.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi ichi. Madzi a mtsinje wa Shire amene amapukusa makina a magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira amayamba adutsa pa baraji ya Liwonde, m'boma mwathu momwemuno. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo m'matauni adalira kuzimazima kwa magetsi koposa chaka. Tidawamvera chisoni, ngakhale kuti kwa ife kunalibe chozima. Nthawi imeneyo aliyense adaona phindu la dzuwa: munda wa masola wa ku Salima wa mamegawati 60, ndi wa ku Golomoti wa mamegawati 20 umene uli ndi mabatire ake, imathira magetsi m'mawaya a dziko ndipo eni ake amalipidwa. Dzuwa la ku Golomoti ndi la kwa Mposa ndi limodzi. La uko lili ndi mtengo, lathu ndi lotaya.

Sitikuchitira nsanje munthu wa m'tauni m'dziko muno, wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa amene akufuna kulipidwa pa magetsi ake. Adagula ndi ndalama zake, alandire. Mantha athu ndi akuti iye akayamba kulipira pang'ono, ndalama yokonzera mawaya ikasakidwa kwa otsala: kwa mphunzitsi wa lendi ku Balaka, kwa wometa tsitsi ku Ntaja, kwa mwini chigayo amene mawa lake adzatikwezera mtengo wogayitsa. Ndipo ndalama yokokera mawaya kumidzi idzachepa, ife n'kuuzidwanso kuti tidikire gawo lotsatira la ntchitoyo.

Mutikhululukire ngati mawu akuuma. Si khalidwe lathu kukalipira akuluakulu. Koma takwiya. Tatopa ndi kulembedwa maina m'makope nthawi ya kampeni, tatopa ndi kuyeza malo a thiransifoma imene siibwera. Mukukambirana za mtengo wa nyenyeswa za magetsi pamene ife mbale sitinaione n'komwe.

Inu amene mumalemba malamulo a magetsi, mukamakhala pansi pa nkhaniyi, tikupempha mutiikemo. Mawaya afike m'midzi muno, kapena mutithandize kumanga sola yaikulu ya mudzi ndi mawaya ake, kuti otsala a masana azipukusa chigayo, kuziziritsa nsomba ndi kupopa madzi m'minda ya mpunga. Mabatire abodza muwagwire asanafike m'mashopu. Ndipo mubwere kwa Mposa mudzamve nokha. Mubwere madzulo, ndipo mutenge tochi yanu.