Kompyuta ndi Chitukuko: Kaundula weniweni ndi uti?

Nyengo yolemba maina a alimi olandira mbewu ikafika, mlembi wa kalabu sapuma. Amalemba kaundula pa kompyuta, n'kumukopera pa fulashi kuti apite naye kwa alangizi. Kukabwera maina ena awiri, amawonjezera, mwina pa fulashi pomwepo, mwina pa kompyuta. Pakutha pa sabata pamakhala mafayilo awiri a dzina limodzi, ndipo palibe wokumbukira kuti yomaliza kukonzedwa ndi iti. Ikatumizidwa yolakwika, mayi wamasiye amene dzina lake lidalowa mochedwa adzabwerera chimanjamanja tsiku logawa.

Mwayi wake, kompyuta imasunga tsiku ndi nthawi imene fayilo iliyonse idasinthidwa komaliza. Vuto n'lakuti kawirikawiri imationetsa ola ndi mphindi zokha. Kuti tione mpaka masekondi, tiyenera kuifunsa polemba malamulo pamanja, pa Terminal ngati tili pa Linux, kapena pa PowerShell ngati tili pa Windows. Musachite mantha ndi chinsalu chopanda zithunzicho. Malamulo oonera nthawi amene titchule pano ndi ongoyang'anira, sasintha kapena kufufuta kanthu.

Tiyambe ndi Linux. Ambiri amadziwa lamulo la ls -l, koma ilo limalekezera pa mphindi. Komanso fayilo ikapitirira miyezi 6, limabisa ola n'kuonetsa chaka chokha pambali pa tsiku. Choncho lembani ls --full-time kaundula.xls ndipo muona chaka, mwezi, tsiku, ola, mphindi, masekondi ndi tizigawo ta sekondi. Kutsogolo kwa nthawiyo kudzalembedwa +0200, kutanthauza nthawi yathu ya ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, imene ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya UTC.

Lamulo lina ndi stat kaundula.xls. Ili limatulutsa mizere ingapo, ndipo apa mpamene anthu amasokonezeka. Mzere wa Modify ndiwo tikuufuna, chifukwa umanena nthawi imene zolembedwa m'kati zidasinthidwa. Mzere wa Change umasunthanso ngakhale munthu angosintha dzina la fayilo kapena chilolezo cha oyenera kuitsegula. Wa Access ndi wokhudza kuwerengedwa kwa fayilo basi.

Pa Windows, lamulo lakale la dir nalonso limalekezera pa mphindi. Tsegulani PowerShell, lowani m'foda muli fayiloyo, ndipo lembani (Get-Item kaundula.xls).LastWriteTime. Yankho lake limafika pa masekondi. Chitani chimodzimodzi ndi fayilo ya pa fulashi, lembani nthawi zonse ziwiri papepala, kenaka yerekezani.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagamule, dziwani zinthu zinayi zimene zingakunamizeni.

Choyamba, mafulashi ambiri amagwiritsa ntchito dongosolo lakale lotchedwa FAT32, limene limawerenga nthawiyi modumpha masekondi awiriawiri. Mukapeza kusiyana kwa sekondi imodzi kapena awiri pakati pa fulashi ndi kompyuta, musafulumire kunena kuti wina adasintha kaundula.

Chachiwiri, kukopera kumatha kusintha nthawi. Pa Linux, lamulo la cp limapatsa fayilo yatsopanoyo nthawi imene mwakopera, pokhapokha mutalemba cp -p. Fayilo yolandiridwa pa imelo kapena pa WhatsApp nayo kawirikawiri imatenga nthawi imene mwaisunga. Motero kaundula wakale angaoneke ngati wa lero.

Chachitatu, kompyuta imalemba zimene wotchi yake ikunena. M'kati mwa kompyuta yapadesiki muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kotchedwa CR2032, kamene kamayendetsa wotchiyo magetsi akazima. Kakatha mphamvu, tsiku limabwerera m'mbuyo zaka zambiri. M'maofesi akumidzi, momwe makompyuta ndi akale ndipo intaneti yowongolera wotchi imasowa, ili ndi vuto lodziwika. Zolowerani kuyang'ana tsiku ndi nthawi m'mawa uliwonse musanayambe ntchito.

Chachinayi, munthu wodziwa akhoza kusintha nthawiyi mwadala, monga ndi lamulo la touch. N'chifukwa chake nthawi ya fayilo ndi yothandiza pofufuza, koma siyokwanira kuimbira mlembi kapena msungichuma mlandu pamsonkhano wa komiti.

Ngati mukukayikabe, funsani kompyuta kuti iyerekeze zam'kati mwa mafayilo awiriwo. Pa Linux lembani cmp, kenaka maina a mafayilo onse awiri. Ikakhala chete, ndiye kuti ndi ofanana ndendende. Ikanena kuti akusiyana, atseguleni onse n'kuwerenga maina limodzi ndi limodzi, muli awiri.

Koma njira yabwino koposa ndiyo kupewa chisokonezocho. Gwirizanani m'komiti kuti kaundula azikonzedwa pamalo amodzi okha. Posunga, ikani tsiku m'dzina la fayilo, kuyambira chaka, mwezi ndi tsiku, monga kaundula-2025-10-14.xls. Kaundula womaliza asindikizidwe, awerengedwe pamaso pa mamembala, ndipo wapampando asainire. Mukatero, masekondi a pa kompyuta adzangokhala otsimikizira zimene aliyense akudziwa kale, ndipo dzina la mayi uja lidzapezeka tsiku logawa mbewu.