Wothawa chimangirizo wathawanso Fizikisi

Pali kachizolowezi kamene kakumera mizu pakati pa ophunzira okonda sayansi, makamaka a Fomu 3 ndi Fomu 4. Belu la Chingerezi likalira, ena amatsegula kope la Masamu pansi pa desiki n'kumasova zawo. Akapatsidwa chimangirizo choti akalembe kunyumba, amadzakopera kwa mnzawo m'mawa, chothamanga. Ukawafunsa amayankha monyadira ndithu: "Ife ndi a sayansi aphunzitsi, zolemba nkhanizi n'za ena."

Ine ndimaphunzitsa Fizikisi, ndiye mwina mukuganiza kuti mawu amenewa amandikomera. Ayi ndithu. Ndimaona kuti mwana wotero akudzitchera yekha msampha, ndipo msamphawo udzamukola m'phunziro lomwe amalikondalo.

Tiyambe ndi zimene aliyense akudziwa. Kuti MANEB ikupatseni satifiketi ya MSCE muyenera kukhoza maphunziro 6, ndipo limodzi mwa iwo liyenera kukhala Chingerezi. Mukapeza 1 pa Fizikisi, 1 pa Masamu, 2 pa Chemistry, koma 9 pa Chingerezi, satifiketi palibe. Kuti mupikisane nawo pa malo a m'mayunivesite a boma, Chingerezicho chimafunika chikhale pa credit, kutanthauza 6 kapena kuchepera apo. Pass ya 7 kapena 8 siyikufikitsani kumeneko. Ndawaonapo anyamata ndi atsikana amitu yakuthwa akubwerera ku open school chaka chathunthu chifukwa cha pepala limodzi limeneli.

Kodi lamuloli n'lachilungamo? Pamenepa ine ndili ndi mafunso anga. Chingerezi si nzeru, ndi chiyankhulo chabe. Msodzi wa ku Chia amene sanafike Sitandade 8 amayang'ana mitambo ndi maonekedwe a madzi n'kudziwa kuti mwera ukubwera, pomwe ine ndi digiri yanga ndikanakwera bwato n'kukamira. Zimandiwawa kuona mwana amene angathe kukonza injini ya boti akutsekeredwa khomo chifukwa cha he ndi she, zinthu zimene Chichewa sichisiyanitsa n'komwe. Amene amati lamuloli liunikidwenso ali ndi mfundo. Koma mayeso anu akubwera lamuloli lilipo. Ndipo ngakhale atalichotsa mawa, zimene ndikufuna kunena pano sizingasinthe, chifukwa vuto lalikulu silili pa pepala la Chingerezi. Lili pa pepala langa la Fizikisi.

Tengani funso limene aliyense wa kuno kunyanja amalidziwa ndi khungu lake. Masana kukatentha, kamphepo kayeziyezi kamachokera panyanja kubwera kumtunda. Usiku kamatembenuka, kuchokera kumtunda kupita panyanja. Sindikunena za mwera, umene ndi mphepo yaikulu ya nyengo yozizira. Ndikunena kamphepo ka tsiku ndi tsiku ka pagombe. Pa mayeso funso limabwera lakuti mufotokoze chifukwa chake mphepo imachokera panyanja masana. Yankho limene ndimalipeza kawirikawiri ndikamachonga limaoneka chonchi: "Land hot, water cold, convection current, it rises."

Mwanayu sanagone m'kalasi. Mawu onse ofunika ali nawo. Koma wangounjika matabwa pagombe, sanakhome bwato. Chikukwera n'chiyani? Madzi? Nthaka? Mpweya? Wa pamwamba pa nyanja kapena wa pamwamba pa mtunda? Wochonga sangamufunse, amaona zimene zalembedwa basi.

Ndipo taonani chinthu chimene ambiri simuchizindikira. M'Chichewa, mneni amakuuza yekha chimene akukamba. Tikati "ukukwera" ndi mpweya, "akukwera" ndi madzi, "ikukwera" ndi nthaka. Kaphatikizo kamodzi kakumayambiriro kwa mneni kamasenza nkhani yonse. Mwana akamaganiza m'Chichewa, m'mutu mwake zonse zili bwinobwino. Akamasamutsira m'Chingerezi, u-, a- ndi i- onse amagwera mu "it" mmodzi, ndipo sayansi imene anali nayo imatayikira panjira. Mankhwala ake si ovuta: m'yankho la sayansi, tchulani dzina la chinthucho, ngakhale mukhale ngati mukubwereza. Lembani "the air above the land", osati "it".

Nkhani yeniyeni ya kamphepoka ndi iyi. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika pafupifupi 4200 J. Mchenga wouma umafuna pafupifupi 800 J yokha. N'chifukwa chake pofika 12 koloko mchenga umawotcha mapazi pomwe madzi adakali ozizirira bwino. Mpweya wa pamwamba pa mtunda umatenthedwa, umafufuma, umapepuka, n'kukwera. Mpweya wozizira wa panyanja umabwera kudzalowa m'malo mwake. M'Chingerezi zimenezi zimakwana m'ziganizo ziwiri: "The land warms faster than the lake because sand has a lower specific heat capacity than water. The air above the land therefore becomes less dense and rises, and cooler air from the lake moves in to replace it."

Yerekezani ndi yankho loyamba lija. Chawonjezeka n'chiyani? Alumikizi ndi timawu tina tating'ono: because, than, therefore, and. Timawu timene mumatinyoza pa phunziro la galamala. Komatu Fizikisi yonse yagona pa kunena kuti ichi chachitika chifukwa cha icho. Funso likayamba ndi "state", mungathe kupulumuka ndi mawu awiri. Likayamba ndi "explain", likufuna because, kaya mwamulemba kaya mwamubisa m'kasanjidwe ka ziganizo. Popanda iye malikisi amatsala patebulo.

Aperekezi nawonso amaluma. Nali funso: madzi okwana 2 kg ali pa 20 °C. Mukawatenthetsa "to 30 °C", kusintha kwake ndi madigiri 10, ndipo mphamvu yofunika ndi 2 × 4200 × 10, yomwe ndi 84,000 J. Mukawatenthetsa "by 30 °C", kusintha kwake ndi madigiri 30, yankho ndi 252,000 J. Zilembo ziwiri zokha, yankho lakula katatu. Kakyuleta sikuuzani kuti mwawerenga molakwika, imangomvera chala chanu.

Palinso malo amene Chichewa chathu chimagwiritsa ntchito liwu limodzi pomwe sayansi ya m'Chingerezi ili ndi awiri. Shuga wa ku Dwangwa "amasungunuka" mu tiyi, ayezi "amasungunuka" padzuwa. Koma woyambayo ndi dissolve, wachiwiriyo ndi melt, ndipo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Timati "kulemera" kwa thumba la mpunga, koma mass yake ndi 50 kg pomwe weight yake ndi pafupifupi 500 N. Mutalitengera kumwezi mass ikhala yomweyo, weight itsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6. Timati "kutentha", koma kapu ya tiyi ili ndi temperature yokwera kuposa nyanja, pomwe mphamvu ya kutentha imene yasungidwa m'nyanja ndi yochuluka kosayerekezeka. Izi sizikutanthauza kuti Chichewa n'chosauka. Mawu a mitundu ya nsomba ndi mphepo amene ali pakamwa pa asodzi a kuno, Mngerezi angasowe pogwira. Kungoti chiyankhulo chilichonse chimadula dziko m'malo akeake, ndipo woyankhula ziwiri ayenera kudziwa pamene mipeniyo yasemphana.

Ena mwa inu mudamva kwa akulu anu kuti ku yunivesite kuli phunziro lokonza zonsezi. N'zoona kuti lilipo. M'chaka choyamba, ophunzira a m'mayunivesite athu, kuphatikizapo a uinjiniya, ulimi ndi sayansi, amatenga phunziro la chiyankhulo ndi luso lofotokoza zinthu.  Kukhalapo kwa phunziro limeneli kukuuzeni kanthu: akuluakulu a sayansi omwewo adaona kuti injiniya wosatha kulemba lipoti ndi theka la injiniya. Ku America makoleji ambiri akhala ndi makalasi otchedwa developmental English, a ophunzira amene afika ku koleji koma kalembedwe kawo kadakali kofooka. Kawirikawiri makalasi amenewo amalipiridwa koma sawerengeredwa pa digiri, ndiye munthu amataya nthawi ndi ndalama kuphunzira zimene akadaphunzira ku sekondale.

Kwathu kuno musayembekeze kuti phunziro la chaka choyambalo lidzakubadwitsaninso. Limaphunzitsa kulemba manotsi pamene mphunzitsi akuyankhula, kusanja ndime, kulemba lipoti, kutchula kumene mwatenga mfundo. Limayambira poganiza kuti chiganizo chokha mumatha kuchiimika. Ndipo kumbukirani kuti kuti mukalowe m'kalasi imeneyo mukhala mutadutsa kale pa credit ija. Mlatho uli kutsidya kwa mtsinje sungakuwolotseni.

"Nanga William Kamkwamba?" Funso limeneli ndimalikonda. Inde, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu, pafupi nafe pompa, adapanga makina a magetsi oyendera mphepo mu 2002 ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi m'chaka cha njala. Iye mwini adanenapo kuti Chingerezi chinkamuvuta, moti m'mabuku a mu laibulale ankadalira kwambiri zithunzi. Apa pali umboni woti nzeru za sayansi sizidikira Chingerezi. Koma tsatirani nkhaniyo mpaka kumapeto. Atadziwika, adabwerera kusukulu, adakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, n'kumaliza ku Dartmouth College ku America mu 2014. Konseko kunali kuwerenga ndi kulemba. Makina adawapanga ndi manja, koma kuti apite patsogolo sadazembe chimene inu mukuzemba.

Amene amandigwira mtima kwambiri pa nkhaniyi ndi Michael Faraday. Inu mumamudziwa ndi electromagnetic induction, imene adaitulukira mu 1831, mfundo imene majenereta a ku Nkula pa mtsinje wa Shire amagwiritsa ntchito popanga magetsi. Chimene mabuku anu satchula n'chakuti Faraday anali mwana wa wosula zitsulo, sukulu adangoilawa, ndipo ali ndi zaka 14 adayamba kuphunzira ntchito yomata mabuku ku London. Mu 1812 adakamvera maphunziro a katswiri wa Chemistry, Humphry Davy. Adalemba manotsi, adakawalembanso mwaudongo kunyumba, adajambula zithunzi, adawamata kukhala buku, n'kulitumiza kwa Davy. Chaka chotsatira, 1813, adalembedwa ntchito yothandizira mu labu ya Royal Institution. Chimene chidamutsegulira khomo sichinali chotulukira chilichonse, adali asanatulukire kanthu. Adali manotsi olembedwa bwino. Note-making yomwe ija mumaiona ngati chilango.

Ndipo sadalekere pomwepo. Mu 1818, ali kale pantchito ya sayansi, iye ndi anzake ochepa adapanga kagulu kolemberana zimangirizo, aliyense kulemba chake, anzake n'kuwerenga. Chingerezi chinali chiyankhulo chake chobadwa nacho, koma adaona kuti kuyankhula ndi kwina, kulemba zomveka ndi kwina. Masamu apamwamba sankawadziwa kwenikweni. Zambiri zimene adatulukira adazifotokoza ndi mawu ndi zithunzi, momveka bwino mwakuti James Clerk Maxwell adadzatha kuziika m'masamu pambuyo pake.

Lipoti la eksiperimenti ndi chimangirizo chimene chavala yunifomu ya labu. Lili ndi chiyambi chonena cholinga, thunthu lonena zimene zachitika mwandondomeko, ndi mathero onena zimene mwapeza. Passive voice imene imakutopetsani ndi imene mumalembera kuti "the length was measured". Nthawi ya mneni ikasokonekera, wowerenga sadziwa ngati mwayeza kale kapena mukuti mudzayeza. Ngakhale chimangirizo cha Chichewa chimakuthandizani pamenepa, chifukwa luso loika mfundo imodzi m'ndime imodzi, iyi patsogolo iyo pambuyo, silisankha chiyankhulo.

Ndikudziwa kuti m'masukulu athu ambiri, makamaka ma CDSS, mphunzitsi mmodzi wa Chingerezi ali ndi makope ochuluka moti sangachonge chimangirizo cha aliyense sabata iliyonse. Mabuku owerenga ndi ochepa. Pamenepa ife aphunzitsi a sayansi tilinso ndi gawo: kuchonga nambala yokha n'kusiya chiganizo chopunduka chidutse ndi kumunamiza mwana. Koma inu musadikire. Chitani za Faraday. Pezani anzanu atatu kapena anayi. Aliyense alembe ndime imodzi yokha, ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kufotokoza chinthu chimene wachiona ndi maso. Chifukwa chiyani usipa umauma msanga pathandala tsiku la mphepo kusiyana ndi tsiku la bata? Chifukwa chiyani boti la matabwa lodzaza matumba limayandama pomwe msomali umodzi umamira? Yambani mwafotokoza m'Chichewa mokweza, kuti muone ngati mukuzimvetsadi. Zikakanika m'Chichewa, vuto si Chingerezi, bwererani ku manotsi a Fizikisi. Zikatheka, lembani m'Chingerezi.

Kenako perekani ndimeyo kwa mnzanu amene satenga Fizikisi, ndipo inu mutseke pakamwa. Musamuthandize, musaloze ndi chala, musanene kuti "apa ndimatanthauza kuti". Pa mayeso simudzakhalapo kuti munene zimenezo. Paliponse pamene wakwinya nkhope, ikani kachizindikiro. Nthawi zambiri mupeza kuti pamenepo pali "it" wosadziwika mwini wake, kapena pasowa because.

Ya sabata ino nayi. Mukaviika nkhafi m'madzi oyera, imaoneka ngati yathyoka pamalire a madzi ndi mpweya. Fotokozani chifukwa chake m'ziganizo zosapitirira zisanu. Liwu lakuti refraction muligwiritse ntchito kamodzi kokha, ndipo munene momveka kuti kuwala kukuchokera kuti, kukupita kuti, ndi kumene kukuthamanga kwambiri.