Galimoto Yomangidwa Pakhomo ndi Msewu wa Anthu Onse

M'chaka cha 1957, pamene Colin Chapman wa ku England anatulutsa kagalimoto kake kotchedwa Lotus Seven, ambiri mwa ogula sanalandire galimoto yathunthu, koma zitsulo ndi mabawuti m'mabokosi, pakuti masiku amenewo galimoto yogulitsidwa m'zidutswa inkapulumuka ku msonkho umene unkagwera galimoto yatsopano. Ndipo ngakhale mwayi umenewo unatha mu 1973, chaka chimene a Caterham anagula ufulu wopanga kagalimotoko, sunathe mtundu wa anthu amene saiyesa galimoto yawo kufikira ataimanga ndi manja awo. Ena amatsanzira AC Cobra ya zaka za m'ma 1960. Ena amasunga mwambo wa hot rod umene unabadwira ku California, kumene anyamata ankatenga Ford yakale, naivula zolemera zonse, naonjezera mphamvu ya injini, nakaithamangitsa pa nyanja youma ya Muroc. Onsewa, tsiku limene amanga bawuti yotsiriza, amapeza kuti pakati pa galaja ndi msewu paima munthu wa boma ndi mapepala ake.

Ku Britain munthuyo amafunsa mafunso awiri, ndipo ine ndiyesa kuti mkangano wonse wa pakati pa amisiri ndi boma ukanapepuka anthu akanaleka kuwasanganiza. Loyamba n'lakuti, kodi chinthuchi sichipha munthu? Lachiwiri n'lakuti, kodi chinthuchi n'chiyani, ndipo tichilembe dzina lanji m'kaundula?

Funso loyamba limayankhidwa ndi mayeso otchedwa IVA, amene analowa m'malo mwa SVA mu 2009. Woyesa amayang'ana mabuleki, nyali, utsi, ndi malo amene malamba a pampando amangiriridwa. Kenaka amatenga mpira wa mamilimita 100 naugubuduza pa thupi la galimoto, ndipo paliponse pamene mpirawo wakhudza chitsulo chosongoka chimene sichinafafanizidwe monga lamulo lifunira, galimotoyo yalephera. Apa m'pamene amisiri amadandaulira kwambiri, ndipo dandaulo lawo si lachabe. Amati galimoto zawo n'zowerengeka, zimatuluka masiku a dzuwa okha, ndipo eni ake, amene anathera pa izo zaka ndi chuma, amaziyendetsa mosamala koposa mnyamata wobwereka galimoto ya atate ake. Amaonjeza kuti kuphimba mabawuti ndi timphira kuti munthu apambane mayeso, ndi kutichotsa m'mawa mwake, ndiko kusewera kumene aliyense akudziwa. Ndipo ali ndi mfundo ina yovuta kuiyankha: kuyambira mu 2018 galimoto yopyola zaka 40, imene sinasinthidwe kwambiri, siikakamizidwa kupita ku mayeso a chaka ndi chaka a MOT, kotero kuti Cobra yeniyeni, ndi mabuleki ake a makedzana, imayenda popanda woifunsa, pamene mwana wake wotsanzira, womangidwa ndi zipangizo zamakono, amayesedwa ngati wamlandu.

Zonsezi n'zoona, komabe sizindikopa. Chilamulo cha Mose chinalamula womanga nyumba kuti aike chotchinga m'mphepete mwa denga lake, si chifukwa chakuti mwini nyumba anali wopusa, koma chifukwa padengapo padzakwera ena amene sanaione nyumbayo ikumangidwa. Galimoto nayo imakhala nthawi yaitali kuposa chikondi cha mwini wake: idzagulitsidwa, ndipo wogulayo sadzatha kuona ngati chitsulo chogwira chiwongolero chinawotchereredwa bwino, pakuti utoto umabisa zonse; ngakhalenso mwana woyenda m'mbali mwa msewu, amene mpira uja umaimira bondo ndi mutu wake, sanafunsidwe konse ngati alola. Fakitale yaikulu imaphwanya magalimoto ambiri pa khoma isanagulitse ngakhale imodzi, koma mmisiri wa pakhomo ali ndi imodzi yokha, ndipo boma, polola kuti imeneyo ingoyang'anidwa ndi maso ndi zida zoyezera, lamchitira kale chifundo chachikulu. Walira mvula walira matope. Wofuna msewu wa anthu onse alole maso a anthu onse.

Pa funso lachiwiri m'pamene ndiona kuti amisiri alakwiridwa. Kwa zaka zambiri a DVLA, osunga kaundula wa magalimoto, amene likulu lawo lili ku Swansea, ankaweruza dzina la galimoto yosinthidwa kwambiri powerenga mapointi: asanu a chassis yosadulidwa, awiri a masipiling'i, awiri a zitsulo zogwira matayala, awiri a magiya, awiri a chiwongolero, ndi imodzi ya injini, ndipo wosafika asanu ndi atatu, kuphatikizapo asanu a chassis, ankataya nambala yakale. Koma hot rod n'chiyani ngati si galimoto yodulidwa? Motero munthu amene analimbitsa chassis yofooka ankalangidwa, pamene woisiya ndi dzimbiri lake ankasunga nambala. Wotaya nambalayo ankapatsidwa yoyamba ndi chilembo cha Q, imene inayamba mu 1983, yosonyeza kuti zaka za galimoto sizidziwika, ndipo imene imatsitsa mtengo wake pamsika. Boma lili ndi chifukwa chake, pakuti mbala zimadziwa kuveka galimoto yobedwa dzina la galimoto yakufa, ndipo n'chifukwa chake womanga amafunsidwa malisiti a zipangizo ndi zithunzi za ntchito yake. Koma mlandu wa kuba ndi wina, mlandu wa mabuleki ndi wina, ndipo m'chaka cha 2025 a DVLA eniake anafewetsako malamulo a magalimoto okonzedwa ndi osinthidwa.

Ku California anasankha kuwerenga mitu. Lamulo lotchedwa SB100 limalola magalimoto 500 okha pa chaka kuyesedwa utsi monga mwa chaka cha galimoto imene atsanzira, ndipo panali zaka zimene zilolezozo zinkatha m'masiku oyamba a Januwale. Kumeneko ndiko kupatsa mphotho wolawirira, osati womanga bwino. Boma lalikulu la America linalola mu 2015 kuti makampani ang'onoang'ono azigulitsa magalimoto otsanzira osapyola 325 pa chaka kampani iliyonse, koma malamulo oyendetsera chilolezocho anadzatuluka mu 2022.

Njira imene ndiiona ya nzeru koposa ndi ya ku New Zealand, kumene mu 1992 magulu a okonda magalimoto, a hot rod ali m'gulu momwemo, poona kuti malamulo atsopano akanawatsekera msewu, sanakane kuyesedwa, koma anakhazikitsa bungwe la LVVTA kuti lilembe miyezo mogwirizana ndi boma. Oyesa ake ndi anthu odziwa ntchitoyo, amene angathe kuiona galimoto isanathe, chassis ili poyera, utoto usanapakidwe. Ndipo miyezo yawo siifewa chifukwa inalembedwa ndi eni ake, pakuti iwo adziwa kuti ngozi imodzi yoopsa ya galimoto yomangidwa mosasamala ingapatse boma chifukwa chotsekera onse.