Kabokosi n'kanu, koma kiyi ali ndi wina

Pamsonkhano wina wokonza bajeti, mnzathu anapereka ganizo loti tigulire makalabu a alimi timabokosi toonetsera makanema kudzera pa intaneti, kuti alangizi asamavutike kuyenda ndi ma DVD. Timabokosi timeneti timafanana ndi dikoda, kungoti sitilira dishi: mumatilumikiza ku TV, ndipo zithunzi zimabwera pa intaneti. Ganizolo silinali loipa ayi. Koma linandikumbutsa nkhani ya Kwesé Play, imene aliyense wosunga ndalama za gulu ayenera kuidziwa.

Nkhaniyi imayambira ku America. Kampani ya Roku inatulutsa kabokosi kake koyamba m'chaka cha 2008, koonerapo makanema a Netflix. Patapita nthawi, eni ake anaona kuti phindu silili pogulitsa timabokosi pokha, koma pobwereketsanso luso la kapangidwe kake. Kampani ina imapatsidwa chiphaso chogwiritsa ntchito pulani ya zam'kati mwa chipangizocho pamodzi ndi pulogalamu yochiyendetsa, kenaka n'kumatapo dzina lake. Umu ndi mmene Sky ya ku Britain inatulutsira kabokosi ka Now TV mu 2013, ndipo mu 2014 makampani a TCL ndi Hisense anayamba kupanga ma TV oyendera luso la Roku.

Njirayi ili ndi ubwino wake, ndipo sindikufuna kuubisa. Kampani yatsopano siwononga zaka ikufufuza chinthu chimene ena anachitulukira kale, motero katundu amafika msanga pamsika ndipo amakhala woyesedwa kale.

Mu 2017, kampani ya Econet Media, ya a Strive Masiyiwa a ku Zimbabwe, inatsata njira yomweyi pokhazikitsa Kwesé Play ku South Africa. Kunja kunali dzina la Kwesé, m'kati munali Roku. Ambiri tinanyadira poona kampani ya kuno kwathu ikulimbana ndi zimphona. Koma malonda sanayende, ndipo mu Julayi 2019 timabokosi tija tinangoleka kugwira ntchito. Sikuti tinapsa ndi magetsi kapena kugwa pansi. Waya aliyense anali bwinobwino, koma mgwirizano umene unkatipatsa moyo unali utatha, ndipo tinatsekedwa kuchokera kutali. Amene anagula ndi ndalama zawo anatsala atagwira pulasitiki.

Mlimi amene analimapo munda wobwereka savutika kumvetsa zimenezi. Manyowa mwathira ndinu, mizere mwaunga ndinu, koma amene anakubwerekani uja akasemphana ndi mwini nthaka, mumachoka ndinu, ngakhale kuti pokambirana pawo simunakhalepo. Kusiyana kwake n'kwakuti wobwereka munda amadziwa kuti wabwereka. Wogula kabokosi amapatsidwa lisiti, n'kumayesa kuti chinthucho ndi chake chonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mafomu athu ogulira katundu safunsa zimenezi. Timayerekeza mitengo ya ogulitsa atatu, n'kusankha wotchipa. Palibe mzere wofunsa kuti pulogalamu ya m'katimo mwini wake ndani, kapena ngati chipangizocho chingagwirebe ntchito kampani yogulitsayo itagwa. Komanso thandizo la pulojekiti limatha pakapita zaka zochepa, pamene kalabu imafuna kuonera makanema a kasungidwe ka chimanga ndi katemera wa nkhuku chaka ndi chaka. Nanga ndalama za intaneti ya mwezi ndi mwezi adzalipira ndani ife titachoka?

Pamsonkhano paja tinagwirizana kuti chipangizo chilichonse tiyambe tachiyesa tisanalipire. Tidzazimitsa intaneti, n'kulowetsa fulashi yokhala ndi makanema athu a m'Chichewa. Chikaonetsa, tidzakambirana za mtengo. Chikakana, kapena chikakhala chopanda n'polowetsa fulashi pomwe, wogulitsayo adzabwerera nacho, ndipo alangizi adzapitiriza kunyamula ma DVD awo panjinga.