Nchito Zosewenzera Panyumba: Tiyambe Tawerengera Mtengo Wake

Pali funso limene makolo ambiri akhala akutifunsa tikakumana. Mwana anatsiriza Grade 12 kapena koleji, nchito sanaipeze, ndipo ali cabe panyumba. Tsiku lina pa foni yake pabwera uthenga wakuti angapeze madola tsiku lililonse ali khale pakhonde. Kodi n'zoona? Yankho lathu ndi lakuti nchito zosewenzera panyumba zilipodi, ndipo mabanja ambiri muno mu Chipata akudya cifukwa ca izo. Koma zimene zidyetsa anthu si zimene zilengezedwa m'mameseji aja, ndipo nyumba nayo si malo aulere osewenzerapo monga tiganizira.

Tiyambe ndi cimene cacititsa kuti nkhaniyi ikule. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia tili anthu opitirira 19 miliyoni, ndipo ambiri ndi acinyamata. M'caka cimeneco boma linalemba aphunzitsi 30,496 ndi anchito a zaumoyo opitirira 11,000. Ciwerengeroci cinali cacikulu, koma ofunsira nchito ya uphunzitsi anapitirira 100,000. Kutanthauza kuti pa anthu atatu alionse amene anapereka mapepala, awiri anabwerera kunyumba manja ali m'khosi. Ameneŵa ndi ana athu a ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika ndi m'midzi ya ku Luangeni. Sangakhale cabe kuyembekezera kuti boma lidzalembenso. Komanso kuyambira mu March 2020, pamene matenda a Covid-19 anafika m'dziko muno ndipo masukulu anatsekedwa, anthu anaona kuti misonkhano, maphunziro ndi malonda zingayende pa foni. Maganizo amenewo sanacoke.

Nchito za panyumba tingaziike m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la nchito za manja zimene tazidziwa kuyambira kale: kusoka, kuluka tsitsi, kuphika makeke ndi zitumbuwa, kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba, kukonza mafoni, kugaya ciponde. Gulu laciwiri ndi la nchito zimene zifuna kompyuta ndi intaneti: kulemba maakaunti a mashopu, kutaipa ndi kukonza mapepala, kujambula zikwangwani ndi makadi a ukwati, kumasulira nkhani kucokera m'Cizungu kupita m'Cinyanja, kuyendetsa tsamba la Facebook la bizinesi ya munthu wina, ndiponso kusewenzera makampani akunja kudzera pa malo monga Upwork ndi Fiverr. Acinyamata ambiri mtima uli pa gulu laciwirili, ndipo loyambalo aliona ngati la anthu osaphunzira. Apa m'pamene tifuna kuti tiganize bwino.

Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Nchito ya panyumba nayo ikhala pa mafuwa atatu: luso limene munthu wina angalilipire, malaiti ndi netiweki, ndiponso kasitomala amene akudziwani ndi kukukhulupirirani. Limodzi likasowa, mphika ugwa.

Fuwa limene latigwetsera miphika yambiri ndi la malaiti. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi opitirira 80 pa 100 alionse m'Zambia acokera ku madzi, conco pamene madzi anacepa ku Kariba, Zesco inayamba kuzimitsa malaiti maola 8 pa tsiku mu March, ndipo pofika mu September malo ambiri anali kuona malaiti maola atatu cabe. Vutoli linapitirira mpaka mu 2025. Wa mashini osokera oponda ndi phazi anapitiriza kusoka. Wa saluni, wa filiji ya nkhuku ndi wa kompyuta anakhala manja lende, kapena anali kudzuka pakati pa usiku kuthamangira malaiti asanapite. Munthu wolembedwa nchito mu ofesi, jenereta ndi nkhani ya abwana ake. Wosewenzera panyumba, sola, batire, mabandulo ndi kukonzetsa kompyuta ikafa, zonse zicoka m'thumba mwake. Kasitomala wa ku London kapena ku Johannesburg sadzamva zakuti malaiti anapita. Nchito ikacedwa aipereka kwa wina. N'zoona kuti intaneti ikupita patsogolo. Kuwonjezera pa MTN, Airtel ndi Zamtel, kampani ya Starlink inayamba kusewenza m'Zambia mu October 2023. Koma zipangizo zake zifuna ndalama zambiri, ndipo nazonso zifuna magetsi.

Tikambeko za nchito za makampani akunja, pakuti n'zimene zikopa kwambiri. Zilipo, ndipo amene ali ndi luso lenileni la makompyuta, la maakaunti kapena la kulemba Cizungu cabwino angapezepo ndalama. Koma pamenepo mwana wa ku Chipata apikisana ndi anzake a ku India, ku Philippines ndi ku Kenya, ndipo watsopano angathe miyezi asanapeze kasitomala woyamba. Nchito zosafuna luso lalikulu zilipira zocepa. Mu January 2023 magazini ya Time inaulula kuti acinyamata a ku Nairobi amene anali kusankha ndi kuika zizindikiro pa nkhani zophunzitsira makina a ChatGPT anali kulandira ndalama zosakwana madola awiri pa ola. Mu March 2024 kampani ya Remotasks, imene inali kupatsa anthu ambiri a ku Kenya nchito zotere za panyumba, inawatsekera mwadzidzidzi. Anadzuka m'mawa n'kupeza khomo latsekedwa, popanda ofesi yokadandaulako. Ngati izi zinacitikira Kenya, kumene anayamba kale nchitozi, ife tisaziyese munda wodalirika.

Ndiye pali acinyengo, amene adziwa bwino lomwe kuti ana athu ali ndi njala ya nchito. Njira yawo siisintha kwenikweni. Akutumizirani uthenga pa WhatsApp, akupatsani kanchito kopepuka monga kudina mavidiyo, akulipirani tindalama tocepa kuti mukhulupirire, kenako akuti muikepo ndalama zanu kuti mukwere pa mlingo wapamwamba, kapena mubweretse anzanu. Mukaika zambiri, nambala ija izima. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena athamangira kwa akaloba kuti apeze ndalama yolembetsera, n'kutsala ndi nkhongole yobereka mwezi ndi mwezi. Coopsa cina n'cakuti mwana angalowetsedwe m'mlandu iye osadziwa. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission anagwira anthu 77 pa kampani ya Golden Top Support Services ku Roma mu Lusaka, ndipo anapeza masimu opitirira 13,000. Acinyamata a m'Zambia analembedwa kumeneko ngati oyankha mafoni, pamene nchito yeniyeni inali yonyenga anthu a m'maiko ena pa intaneti. Mu June caka comweco nzika 22 za ku China zinagamulidwa kukhala m'ndende zaka 7 mpaka 11. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: nchito yeniyeni ilipira inu, simuilipira ndinu. Ndipo musapatse munthu aliyense PIN yanu, kapena kulola kuti simu yolembetsedwa ndi NRC yanu asewenzetse wina.

Tsopano tione fuwa la kasitomala, pakuti apa m'pamene ife a ku Chipata tili ndi mwayi umene nthawi zambiri sitiuona. Kuyambira mu January 2022 maphunziro ndi aulere mpaka ku sekondale. Ana aculuka m'makalasi, ndipo aliyense afuna yunifomu. Makolo ena afuna wothandiza mwana masamu kapena sayansi madzulo. Imeneyo ndi nchito ya telala ndi ya mphunzitsi amene sanalembedwe. Mu February anthu asonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala, mu August ku Mkaika pa Kulamba, ndipo onse afuna zovala za citenje ndi zakudya. Cigawo cathu ca Kum'mawa ndico cidziwika ndi nshawa m'dziko muno, ndipo mbewu za MGV4 ndi MGV5 zinachedwa ndi dzina la Msekera, pafupi pompano. Bungwe la COMACO laonetsa kuti nshawa ndi uci wa alimi a kuno zingaikidwe m'mabotolo a It's Wild! n'kugulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka. Ogulitsa a ku Kapata, ku Saturday Market ndi ku Down Shops ambiri alibe wowalembera bwino mabuku a malonda kapena wowathandiza pa nkhani za msonkho. Cipata ca Mwami cili pafupi, ndipo Lilongwe ali pafupi nafe kuposa Lusaka.

Pa nchito zonsezi foni ndi cida cothandizira, monga khasu kwa mlimi. Mai wosoka ajambula diresi, aika pa WhatsApp, kasitomala wa ku Katete atumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo, katundu akwera basi. Umu ndi mmene intaneti ikupindulitsira anthu ambiri kuno: ikulitsa msika wa luso limene munthu ali nalo kale. Amene alibe luso, foni siingamupatse.

Luso lingaphunziridwe, ndipo ndalama zake zilipo kuposa kale. Thumba la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Mbali ina ya ndalamazi ndi yolipirira acinyamata maphunziro a luso m'masukulu ovomerezedwa ndi TEVETA, monga Chipata Trades Training Institute, ndipo ina ndi ya thandizo ndi nkhongole za magulu a azimai ndi acinyamata. Mapepala ayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi yanu. Ndalamazi nthawi zina zicedwa ndipo si onse ofunsira amene apatsidwa, koma amene sanapereke pepala sangadandaule kuti anamusiya.

Asanayambe, munthu akhale pansi ndi pensulo. Titenge citsanzo ca nkhuku za nyama, zimene zikula m'masabata asanu ndi limodzi. Zakudya zake ndizo zitenga gawo lalikulu la ndalama. Anapiye afuna kutenthetsedwa masabata oyambirira, conco malaiti akapita pafunika mbaula ndi makala. Zikakula popanda wogula, zipitiriza kudya phindu lanu tsiku ndi tsiku. N'cifukwa cake wogula afunika kupezeka anapiye asanabwere. Muwerengerenso kamsonkho kamene boma linaika pa kutumizirana ndalama pa foni kuyambira mu January 2024, ndi zolipira potapa ndalama pa kabuthi. Wopanga ciponde asankhe nshawa zouma bwino, zopanda cuku, pakuti cuku cili ndi poizoni wosaoneka ndi maso. Bizinesi ikayamba kuima, dzina lake lilembetsedwe ku PACRA ndipo mutenge TPIN ku ZRA, cifukwa masukulu ndi maofesi sagula kwa munthu wopanda mapepala. Ndipo popeza palibe bwana wokuikirani ndalama ku NAPSA kapena ku NHIMA, za ukalamba ndi za matenda muziganizire nokha.

Pali mtengo wina umene sulembedwa m'buku. Munthu akasewenzera panyumba, acibale aona ngati ali cabe. Mtsikana ali pa kompyuta atumidwa kumsika, mai ali pa mashini alandira alendo, ndalama za malonda zigula ndiwo, ndipo anansi atenga katundu pa nkhongole imene sabweza. Mabizinesi ambiri a panyumba aphedwa ndi ife eni nyumba. Tiyeni tigwirizane m'banja za maola a nchito, tisiyanitse thumba la bizinesi ndi la pakhomo, ndipo tikagula kwa mbale tilipire mtengo wake wonse pa nthawi yake.

Conco mwana akabwera ndi uthenga wa nchito ya pa foni, tisamukalipire ndiponso tisathamangire kumupatsa ndalama. Tikhale naye pansi timufunse mafunso atatu. Kodi ugulitsa luso lanji? Malaiti akapita udzasewenza bwanji? Nanga amene adzakulipira ndani, ndipo umudziwa? Akayankha bwino onse atatu, timuthandize ndi mtima wonse, ngakhale ndi ndalama za m'cilimba. Akalephera limodzi, tiyambire pamenepo kumuthandiza.